Manda Amodzi, Mayina Awiri

Ku Menefere, padoko la ngalawa za miyala,
nyengo yomera mbewu.

Okondedwa achemwali a Henuti,

Ndine mlongo wanu Kena. Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo pathu ku Abu. Kodi muli bwanji? Amayi maso aja akuwavutabe, kapena mankhwala a uchi aja anathandiza? Nanga miyendo yawo ikutupabe? Tsiku ndi tsiku ndimapempha Pitaha, mulungu wa mzinda uno, ndi Khinumu wa kwathu, kuti akupatseni moyo, mphamvu ndi ukalamba wabwino. Ine ndilipo. Ndikati ndili bwino ndikhala ndikukunamizani, koma ndikudya ndipo ndikuyenda.

Kalatayi ndalembetsa kwa mlembi wa pachipata cha doko, ndipo akupatsani ndi a Nakhiti, eni ngalawa aja anatitenga ine ndi mng'ono wanga Ipui. Mukapeza wokuwerengerani, mukhale nokha kaye. Amayi adzamve kuchokera pakamwa panu, osati pakamwa pa mlendo.

Ntchito ya m'ngalawa ndinasiya. Sindingathenso kukhala pakati pa Nailo ndi kumayang'ana madzi mbali zonse. Tsopano ndimatsitsa miyala padoko, miyala yofiira yomweyo ya kwathu, yopita kukachisi amene Farao akukulitsa. Malipiro ndi balere ndi mowa, zokwana mimba imodzi. Mowa wa kuno ndi madzi chabe, ndipo buledi wake ndi mchenga wokhawokha, moti dzino langa limodzi lathyoka kale.

Anthu a kuno amatiseka ife a kummwera, amati timalankhula ngati tikukalipira bulu. Mayi amene ndimagona m'nyumba mwawo amanditcha Mwala wa ku Abu chifukwa sindicheza. Koma ndi munthu wabwino. Chifuwa chitandigwira anandiphikira anyezi ndi uchi mpaka chinasiya. Madzi chaka chino anasefukira bwino, dothi lakuda linafika mpaka m'mphepete mwa mchenga. Kwathuko munda wa kuseri kwa akanjedza unamwa? Alamu anafesa pa nthawi yake?

Achemwali, uthenga wanu a Nakhiti anandiuza wonse, osachotserapo kanthu. Munati ndisadzaponde pakhomo popanda Ipui, pakuti amene anachoka naye ndine. Sindinakwiye. Tsopano khalani pansi, chifukwa Ipui ndamupeza, koma nkhani yake siyowongoka.

Za imfa yake munamva, koma a Nakhiti anali kutsogolo kwa ngalawa, sanaone zonse. Madzi anali atadzaza, ofiira, akuthamanga. Ngalawa yathu, yolemedwa ndi mwala, inagunda mchenga wobisika n'kupendekeka. Chingwe chachikulu chinaduka, chinamukulunga Ipui mwendo n'kumukokera m'madzi. Sanakuwe n'komwe. Ine ndinangoona dzanja. Tinamufunafuna m'mabango mpaka mawu anatithera, koma mukudziwa, nyengo imeneyo mtsinje ulibe gombe, umangokhudza chipululu uku ndi uku.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Chifikireni kuno ndimamuona. Osati kutulo ayi. Masana, dzuwa lili paliwombo, anzanga akupuma pamthunzi, ndimamuona ataima m'gumbwa kumunsi kwa doko, madzi akumulekeza m'mawondo, atandifulatira. Msana ndi wake, ndi phewa lija lotsikira mbali imodzi. Ndikaitana dzina lake satembenuka. Anzanga poyamba ankandiseka, ankati dzuwa landiphika mutu. Masiku ano ndikangoimirira kuyang'ana kugumbwako, iwo amangoweramitsa nkhope.

Mayi a nyumba aja ananditengera kwa mayi wina wodziwa za akufa, amene amakhala kuseri kwa osula mkuwa. Ndinamuuza kuti m'bale wanga alibe manda, ndiye ali ndi njala ndi ludzu, n'chifukwa chake akundibwerera. Iye anatsinzina nthawi yaitali, kenako anati ayi, ameneyu njala alibe, akudya buledi ndi kumwa mowa tsiku lililonse. Anati vuto lake ndi lina: ndikamamuitana, iye sakudziwa kuti ndikuitana iyeyo. Ndinatuluka nditapsa mtima, ndikuti mayiyu wandidyera pachabe nsomba zimene ndinamulipira. Munthu wopanda manda angadye kwa yani?

Patapita nthawi ndinkathandiza wogulitsa mbiya wina kutsitsa katundu wake. Anali munthu wolongolola, wosadikira kufunsidwa. Iye ndiye anayamba kusimba za mudzi wa asodzi wotchedwa Pakheni, kummwera kwa kuno, mbali yolowera dzuwa. Anati madzi akuphwera anasiya mlendo m'munda wa mayi wina wamasiye, ndipo anthu a kumeneko anamuika m'manda ngati wawo, pakuti wotengedwa ndi Mtsinje ndi wodalitsika. Kenako anaseka, nati mlendoyo anafika ndi chingwe chake kumwendo, ngati mbuzi yothawa pakhomo. Mbiya imene ndinanyamula inandipulumuka n'kusweka.

Ndinakwera ngalawa ya mbiya yomweyo pobwerera, mphepo ya kumpoto ikutikankha. Ndinatenga khasu ndi mphasa. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndikamufukula, ndibwere naye kwathu, adzagone pafupi ndi abambo.

Pakheni ndi mudzi wosauka kuposa wathu. Dothi lakuda kumeneko ndi kampata chabe, munthu akhoza kuponda phazi limodzi m'munda, lina mumchenga. Pagombe panali anyamata akusoka maukonde. Ataona khasu langa, mmodzi anafuula, "Taonani wa kummwera uyu, wabwera kudzalima mchenga!" Onse anaseka. Nditafunsa za mlendo wa m'madzi, kuseka kunatha nthawi yomweyo. Wamkulu mwa iwo anaimirira nati, "Achimwene, ngati khasulo mwatengera Senebu, bwererani pompano mudakali ndi mano m'kamwa." Ndinafunsa kuti Senebu ndani. Anangondilozera nyumba ya mayi wamasiye uja, a Baketi.

Mayiwo ndinawapeza akupera balere pakhomo. Ndi aang'onoang'ono, ouma ngati nsomba ya padzuwa. Atandiona anasiya mwala wawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Mwachedwa, mwanawe. Khalani pansi. Nkhope analibe, koma mapewa ake ndi anuwa."

Sanalole kuti ndifunse kanthu ndisanadye. Nditatha, anandiuza zonse. Anati anamupeza m'matope a m'munda mwawo atagona chafufumimba, mbalame zitayamba kale kutera. Anazithamangitsa ndi nsalu, nakhala pambali pake kumulondera mpaka amuna anabwera. Anamusambitsa okha, anamupaka mchere wa m'chipululu, anamukulunga m'nsalu imene anadzilukira kuti adzaikidwe nayo iwo eni. Amuna anakumba mumchenga wotentha kuseri kwa mudzi, anamugoneka cham'mbali nkhope italoza kotulukira dzuwa, ndi mtsuko wa mowa pafupi ndi pakamwa pake.

Ndinafunsa za dzanja lamanzere. Iwo anatukula chala chawo chaching'ono, anachipinda pamfundo yoyamba. Achemwali, mukukumbukira chikwakwa chija chinamudula chala, tsiku lija munkamuphunzitsa kumweta balere, inu n'kulira kuposa iye. Kenako analowa m'nyumba natulutsa chingwe. Mfundo yake ndi ya amalinyero a ku Abu, palibe wina amamanga choncho.

Ndinati ndiye ameneyo ndi m'bale wanga, ndipo ndinayamba kutchula dzina lake. Sindinamalize. Mayiwo anatseka makutu ndi manja onse awiri, nakuwa, "Musalitchule! Pakhomo pano musalitchule!" Nkhuku zinathawa. Anyamata aja anabwera akuthamanga, koma iwo anawabweza ndi dzanja.

Mtima utatsika anandifotokozera. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Senebu, msodzi. Zaka zapitazo ng'ona inamugwira iwo akuona, akuchapa pagombe. Sipanatsale kanthu, ngakhale nsapato. Anati chiyambire tsiku limenelo ankathira madzi pansi popanda manda, koma mzimu wa munthu, mbalame ija imene imauluka masana, madzulo imafuna thupi lake kuti itere. Wa Senebu unalibe potera. Madzulo aliwonse ankaumva ukukupiza mapiko padenga pawo. Tsono mlendo uja atabwera, pomuika m'manda anamuitana kuti Senebu, ndipo kuyambira pamenepo padenga panati zii.

Ndinati, koma mayi, mukudziwa kuti ameneyu si wanu. Anandiyankha kuti, "Ndikudziwa, mwanawe, sindine wamisala. Wanga anali wamfupi, wa miyendo yamatewe. Koma Mtsinje unanditengera mwana, ndipo Mtsinje womwewo unandigonekera mwana m'munda mwanga. Ndikanaufunsa kuti ndi wa yani?"

Dzuwa litapendeka anandiperekeza kumanda. Anamumangira kanyumba ka njerwa zadothi. Ndi posesedwa bwino, panali buledi wa tsiku lomwelo, anyezi, ndi timikanda timene akazi a m'mudzimo amasiya popempha ana. Abambo athu enieni sitinawasamale choncho. Mayi a Baketi sanandiletse. Anati ngati ndikumba ndikumbe, koma ndidikire iwo ayambe atembenuka, asaone. Anapita osacheuka.

Ndinaima pamenepo ndi khasu m'manja. Sindinakumbe. Ndinkangoona mbalame zija, ndi mayi wokalamba akuzithamangitsa ndi nsalu pa mwana amene sankamudziwa. Popanda iwo, achemwali, bwenzi palibe chofukula. Ndinabwerera ku Menefere mphasa ili yopindapinda.

Kuno ndinakafunsa wansembe wina wamng'ono amene amabwera kudzamwa pafupi ndi doko. Anati amene Mtsinje wawatenga, Osirisi, mfumu ya akufa, amawalandira bwino, pakuti nayenso anadutsa m'madzi. Koma anati m'bwalo la kumeneko mtima wa munthu umaikidwa pasikelo, mbali inayo nthenga ya choonadi, ndipo mlembi wa milungu amaitana dzina. Ndinafunsa kuti mtima ukakhala wa munthu wina, dzina la munthu wina, ayankhe ndani. Anakanda mutu wake wometedwawo, nati zimenezo sizinalembedwe paliponse. Ndikutuluka ndinaseka ndekha, poganiza kuti Senebu, mwana wa eni, akayankha mlandu wa zipatso za kanjedza zimene Ipui ankaba kwa amalume. Koma kusekako sikunafike patali.

Mawa lake masana ndinamuonanso m'gumbwa muja. Sanali yekha. Pambali pake panaima wina wamfupi, wa miyendo yamatewe, atamugwira pamkono. Kaya ankamutsogolera, kaya ankamukakamira kuti asamusiye, sindinathe kudziwa. Ndinaitana Ipui, palibe amene anagwedezeka. Ndiye, kaya chinandituma n'chiyani, ndinaitana Senebu. Achemwali, anatembenuka onse awiri. Za nkhope zawo musandifunse.

Tsiku limenelo sindinagwirenso ntchito. Ndinatola chibenthu cha mwala wofiira wa kwathu padoko, ndinapita nacho kwa wosema wina, ndinamupempha kuti alembepo mayina awiri, la Ipui ndi la Senebu. Anandifunsa ngati anali mapasa. Ndinati ayi, sanaonanepo ali moyo. Anandiyang'ana, koma anasema.

Ndinabwereranso ku Pakheni, ulendo uno wopanda khasu. Anyamata aja anandilonjera, wina anandinyamulira mwala. Mayi a Baketi sadziwa kuwerenga, monga ifenso. Anayendetsa zala pamwalapo, nafunsa kuti la mwana wawo ndi liti. Ndinawalozera monga wosema anandisonyezera. Analisisita nthawi yaitali, pakuti anali asanalionepo litalembedwa. Kenako anasuntha chala, nafunsa ngati linalo ndi lija akukana kulimva. Ndinati eya. Ndinawauza zimene ndinaona m'gumbwa, zonse, ndi za mkono womwe. Sanalire. Anangoti Senebu ali mwana ankagwira anthu pamkono choncho akamaopa.

Ndiye anati mwalawo ukhale kaye m'nyumba mwawo, usapite kumanda, mpaka alankhule mayi amene anabereka m'bale wangayo. Mawu awo ndi awa, ndipo ndapempha mlembi alembe monga ananenera: "Inenso ndinabereka, ndikudziwa. Akati ndibwezereni mwana wanga, ndidzakumba ndekha ndi manja angawa. Akati agone awiri, dzinalo ndidzaliphunzira, ndizilitchula m'mawa uliwonse pamodzi ndi la wanga, mpaka tsiku limene ndidzawoloke kupita kwa akufa."

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwakhazike amayi pansi, muwauze zonsezi pang'onopang'ono, osabisa kanthu, ndipo muwafunse yankho. Akalola kuti agone awiri, atunge okha madzi pagombe la kwathu, pamene Mtsinje umatulukira m'miyala, muwatsekere bwino m'kamtsuko mupatse a Nakhiti. Madziwo ndikathira pamandapo ndikutchula dzina la Ipui mokweza, kuti adziwe kuti kwawo amuitana. Akakana, a Nakhiti abwere chimanjamanja, ndidzamva. Ndidzapita ndi mphasa, ndidzabwera naye.

Mukandifunsa za mtima wanga, ndikuti agone awiri. Ndikudziwa kuti kwathu n'kwathu, ndipo amayi akufuna podzathira madzi miyendo yawo ikadali yotha kufikapo. Koma ndikakumba, mayi uja adzataya mwana kachiwiri, ndipo Senebu adzabwereranso padenga. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi ameneyu anachita zimenezo kwa ife asanatidziwe n'komwe. Ndaganizanso kuti iwo alibe wina. Akadzamwalira, buledi pamandapo adzaika ndani? Amayi akalola, ine ndisiya doko, ndikakhale ku Pakheni, ndikaphunzire kusoka maukonde. Pamenepo mawu anu aja ndiye kuti ndawasunga mwanjira ina: sindinamusiye. Koma oweruza ndi amayi, osati ine, osatinso inu. Chonde musawakankhire mbali iliyonse.

Ndatumiza nkhuyu zouma za amayi, ndi chipeso cha mtengo chanu. Chingwe chija mayi a Baketi anandipatsa, koma sindinatumize, ndaopa maso a amayi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire manja m'malo mwanga. Moni kwa alamu, kwa ana anu onse, ndi kwa wakhanda amene sindinamuone. Moni kwa amalume, muwauze kuti akanjedza awo tsopano apuma, ndipo amukhululukire, pakuti kumene ali chikhululuko chikufunika. Moni kwa azakhali a kutsidya. Mtsikana uja Ipui ankamufuna, Tamiti, mumuuze ndi mawu ofatsa kuti asadikirenso.

Musachedwe kuyankha, achemwali. Masiku onsewa Ipui ndi Senebu ankaima m'gumbwa. Lero masana ndawapeza padoko penipeni, pachikhomo pamene timamangirira ngalawa za ku Abu, ataima awiriwiri, akuyang'ana kummwera ngati anthu odikira uthenga. Ndinadutsa pafupi nawo ndi mwala paphewa. Sindinaitane dzina lililonse.

Tsalani bwino. Milungu ikusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Kena.